Fodya Ali ndi Mayina, Tchire Lilibe

Munthu wa ku Kasungu nyanja ya mchere amangoimva m'kalasi. Madzi aakulu amene ambiri a ife tidawaona tili ana ndi a Bua akasefukira mu Febuluwale, kapena a Dwangwa potuluka m'nkhalango ya nyama. Tsono ndikudziwa kuti anzanga ena aseka pomva kuti mwana wa mlimi wa fodya akufuna kukamba za ndere zofiira zomera pamiyala ya m'nyanja ku Philippines. Aseke ndithu. Ine nkhani ya nderezi yandigwira mtima chifukwa ikunena za kwathu, ngakhale kuti kwathuko kulibe nyanja.

Nderezo akatswiri amazitcha Portieria hornemannii. Ndi kachomera kofiira, kanthambinthambi ngati nthenga ya nkhuku, kakang'ono koti n'kukwana m'chikhatho, ndipo kamamera m'nyanja zofunda kuyambira kugombe la kum'mawa kwa Africa mpaka kuzilumba za Pacific. Mu 1992 akatswiri a ku National Cancer Institute ku America adalengeza kuti m'ndere zotengedwa pachilumba cha Batan, kumpoto kwa Philippines, adapezamo mankhwala amene adawapatsa dzina loti halomon. Atawayesa m'labotale pa maselo a khansa ya anthu, adaona kuti akupha mwamphamvu maselo a khansa ya muubongo, ya impso ndi ya m'matumbo. Chiyembekezo chidali chachikulu. Koma kuti mankhwala ayesedwe mokwanira pamafunika ambiri, ndipo apa ndi pamene padagona nkhani. Anthu atabwerera kunyanja kukatola ndere zomwezo, zooneka chimodzimodzi, zadzina lomwelo, nthawi zina halomon adapezekamo, nthawi zina sadapezekemo n'komwe. Mpaka lero mankhwalawa sadafike m'manja mwa dokotala aliyense.

Patapita zaka, mayi wina wa ku Philippines komweko, Dioli Ann Payo, pamodzi ndi anzake a pa yunivesite ya Ghent ku Belgium, adayenda m'zilumba zambiri kutola nderezi. Iwo sadakhulupirire maso okha. Adayeza DNA, kaulusi ka m'maselo kamene kamasunga chibadwa cha chamoyo chilichonse ndi kusonyeza mzere wa makolo ake. Zimene adapeza zidatuluka mu 2013: chimene anthu ankachiyesa mtundu umodzi chidali mitundu 21 m'dziko la Philippines lokha, ndipo yambiri mwa mitunduyo imapezeka pachilumba chimodzi kapena m'kadera kochepa basi. Mu 2018 kafukufuku wina, wa m'nyanja za Indian ndi Pacific, adafikitsa chiwerengerocho pa mitundu pafupifupi 92. Poyeza mankhwala a m'kati mwake adaonanso kuti amasiyana, mwina chifukwa cha mtundu, mwina chifukwa cha malo, nyengo, kapena msinkhu umene chomeracho chafika pa moyo wake.

Kodi dzina lija lidanama? Silidaname, lidangokula kwambiri. Lidali ngati dengu limene munthu wathiramo nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama, kenaka n'kulembapo kuti "ndiwo". Wotumidwa kukatapa m'dengu lotero amabwera ndi chilichonse, ndipo simungamudzudzule. Ndipo tisaganize kuti ndere zofiira n'zakutali ndi ife. Phala loundana lija lotchedwa agar, limene anzathu a sayansi amameretsapo tizilombo m'timbale tagalasi, ndiponso limene zipatala zimagwiritsa ntchito pofufuza matenda, limachokera ku ndere zofiira za mitundu ina. Nyanja ya mchere idalowa kale m'Malawi kudzera pakhomo la labotale.

Tiyeni tsopano tichoke kunyanjako tibwere kuchidikha cha Kasungu, kumene nkhani yomweyi ili chadodolido. Ndere zija zidali mitundu yambiri pansi pa dzina limodzi. Fodya ndi mtundu umodzi wokhala ndi mayina ambirimbiri. Bale, kampopi ndi chikopa, onsewa kwa katswiri wa zomera ndi Nicotiana tabacum, mbewu imodzi yochokera ku South America. Ngakhale bale amene timamunyadirayu adayamba mwangozi: cha m'ma 1864 mlimi wina wa ku Ohio ku America adaona mbande zotumbuluka panazale pake, ndipo mbewu ya mbande zimenezo ndiyo kholo la bale amene akudzaza zigafa zathu.

Mtundu ndi umodzi, koma za m'kati mwa tsamba sizifanana. Chikonga chimapangidwa kumizu n'kukwera kupita kumasamba, ndipo kwa mbewuyo ndi chida chodzitetezera ku tizilombo. Masamba a kunsonga amakhala ndi chikonga chambiri kuposa a m'munsi aja ogundana ndi dothi. Mlimi akadula maluwa ndi kuchotsa mphukira, chikonga chimachulukirako. Chaka cha ng'amba tsamba limachindikala ndipo limakhala laukali. Chaka cha mvula yambiri limapyapyala ndi kupepuka. Feteleza wa nayitrojeni akachuluka chikonga chimakwera, shuga n'kutsika. Kampopi, amene amaumitsidwa msanga ndi kutentha kodzera m'mipopi kwa mlungu umodzi, amatuluka wachikasu ndipo amasunga shuga wake. Bale amauma pang'onopang'ono ndi mphepo m'chigafa kwa mwezi kapena kuposa, ndipo pofika pomufulula shuga amakhala atatha pafupifupi yense. Munda umodzi, mbewu imodzi, phesi limodzi, koma tsamba lililonse lili ndi mbiri yakeyake.

Bambo anga sadapite patali ndi sukulu, ndipo mawu oti nayitrojeni sawatchula kawirikawiri. Koma zonse ndanenazi amazidziwa ndi zala. Mwezi wa Meyi ukafika banja lonse limakhala pansi m'chigafa, milu ya fodya itatizungulira, mphuno zikuyabwa. Bambo amatenga tsamba, kulitambasula, kuliyang'ana cha kudzuwa, kulipsinja pang'ono, kenaka kuliponya pamulu wake osayang'anako. Akaona mng'ono wanga akufulumira amati, "Iwe, tabwera nalo tsambalo. Ligwire bwino. Ukumva kuti likukana? Ili n'lapakati, ilo n'lakumwamba. Ukaphatikiza, belo lonse libwerera." Ndipo sanama. Kumsika wa okushoni, kaya ndi ku Chinkhoma, kaya ndi ku Kanengo, belo lililonse limakhala ndi chitikiti cha zilembo ndi manambala chonena malo a tsamba paphesi, maonekedwe ake ndi ubwino wake. Ogula amadutsa m'mizere, kusolola masamba angapo, kugwira, kununkhiza, ndipo m'kanthawi kochepa thukuta la chaka chonse lapatsidwa mtengo. Belo losakaniza limabwezedwa, kapena limagulidwa pamtengo wolira nawo.

Nanga n'chifukwa chiyani mbewu imodzi ili ndi mayina ochuluka chotere? Yankho ndi lapafupi: pali ndalama. Pamene pali ndalama maso amapenya, zala zimamva, ndipo mayina amabadwa. Tsono taonani chimene chimachitika ndi mitengo imene imaumitsa fodya yemweyo. M'zaka za m'ma 1970 Kasungu adadzala ndi maesiteti. Padali minda ya pansi pa Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, padali ya makampani akuluakulu, padalinso ya anthu olemera paokha. Kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono nawonso adayamba kuloledwa kulima bale, amene kale adali wa maesiteti okha. Kampopi amafuna moto usana ndi usiku, chikopa amafuna utsi, ndipo bale, ngakhale safuna moto, amafuna mphanda ndi phaso la chigafa zimene chiswe sichichedwa kuzidya. Zonsezi zimachokera kutchire. Katswiri wina, Helmut Geist, adawerengera mu 1999 kuti m'zaka zoyambirira za m'ma 1990 fodya ndiye ankachititsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nkhalango zimene Malawi ankataya.

Ngolo ikafika pabalani, wogula safunsa kuti mwanyamula mitengo yanji. Amayeza mendulo. M'mendulo mulibe mombo, mulibe mtondo, mulibe msuku, muwanga kapena muula. Muli nkhuni basi. Munthu yemweyo amene angathe kugawa masamba a phesi limodzi m'milu isanu ndi umodzi amaponya mitengo ya mitundu khumi m'ng'anjo imodzi ndi dzina limodzi. Komatu akatswiri amati m'nkhalango za miombo, zimene zidayala kuchokera ku Angola mpaka ku Tanzania ndi Mozambique, muli mitundu ya zomera pafupifupi 8,500, ndipo yoposa theka sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Ife zonsezo timangoti tchire. Munda umene sudalimidwe timati wagonera, ngati kuti m'menemo mulibe chamoyo chogwira ntchito.

Pali anthu ena kwathu amene tchire adalipatsa mayina, ndipo ambiri a iwo ndi amayi okalamba. Agogo anga aakazi, mvula ikakhazikika mu Januwale, ankatitenga ana kukazula bowa m'kankhalango kamene kadatsala kuseri kwa dambo. Kwa iwo kudalibe chinthu chongotchedwa bowa. Kudali utale, kudali manyame, kudali nyonzwe, ndi ena ambiri, aliyense ndi mwezi wake ndi malo ake: uyu wa pachulu, uyu wa pansi pa msuku, uyu wa m'masamba ovunda a mombo. Tsiku lina adazula bowa awiri achikasu, ofanana ngati mapasa, n'kutipatsa. "Tanunkhizani, adzukulu anga. Uyu ngwapansi pa msuku, uyu ngwapansi pa mtondo. Onse ndi ndiwo, koma si mmodzi ayi." Tikawaonetsa wina amene sankamudziwa, yankho lidali limodzi nthawi zonse: "Chirombo icho, chisiyeni." Lamulo limeneli ndi lamoyo, pakuti m'banja la bowa lotchedwa Amanita muli wina wokoma amene timadya, mulinso wina amene amawononga chiwindi ndi kupha munthu, ndipo kwa mlendo kusiyana kwake n'kochepa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Chodabwitsa n'chakuti sayansi yayamba kuvomereza zimene agogo ankanena ndi mphuno. Brian Morris, m'buku lake la 1987 lotchedwa Common Mushrooms of Malawi, adasonkhanitsa mayina ambiri a bowa kuchokera kwa amayi a m'midzi. Kwa nthawi yaitali bowa wachikasu wa m'miombo, wa m'banja la Cantharellus, ankalembedwa ndi dzina la mnzake wa ku Ulaya chifukwa chofanana naye nkhope. Akatswiri atayamba kuyeza DNA adapeza kuti wa ku Africa ndi mitundu yakeyake yambiri, ndipo m'zaka zaposachedwa akhala akulengeza mitundu yatsopano, mpaka wina adamutcha Cantharellus miomboensis polemekeza nkhalango imene amamera. Nkhani ya Portieria ndi yomweyi, kungoti iyi ikuchitikira kuseri kwa nyumba yathu.

Ndipo bowa ameneyu sangalimidwe m'munda. Timaulusi take timakulunga mizu ya mombo, mtondo ndi msuku. Mtengo umampatsa shuga, iye amaupatsa madzi ndi michere ya m'nthaka. Mukadula mtengo mwadula ndi bowa yemwe. Mwadulanso matondo, mbozi zokoma zija zimene zimadya masamba a mtondo, ndi uchi wa njuchi zimene zimadalira maluwa ake. Alangizi amatiuza kuti tibzale bulugamu m'malo mwa mitengo yodulidwa, ndipo n'zoona kuti bulugamu amakula msanga ndi kupereka nkhuni. Koma pansi pa bulugamu sindidaonepo munthu akuzula manyame. Pamapepala a kuofesi mtengo walowa m'malo mwa mtengo, chiwerengero chakwana. M'mbale ya ndiwo ndi mmene mumaoneka kuti sichidakwane. Kankhalango ka agogo kaja lero ndi munda. Nkhalango zazikulu zimene zatsala m'boma lathu ndi zotetezedwa ndi lamulo, monga Kasungu National Park, imene idakhazikitsidwa mu 1970, ndi ya Chimaliro kumpoto.

Si zokoma zokha zimene zimabisala pansi pa dzina limodzi. Tembenuzani tsamba la fodya, la tomato kapena la chinangwa, muona tintchentche toyera tikuuluka ngati phulusa. Dzina lake ndi Bemisia tabaci, ndipo lidachokera ku fodya, chifukwa katswiri wotchedwa Gennadius adatipeza pafodya ku Greece mu 1889. Timeneti ndi timene timafalitsa khate la chinangwa ndi matenda opiringiza masamba a fodya. Kwa zaka zambiri tinkawerengedwa ngati mtundu umodzi. Lero akatswiri amati ndi mitundu yoposa 30 yosasiyanitsika ndi maso, ndipo imasiyana pa mbewu zimene imakonda, pa matenda amene imafalitsa, ndi pa kupirira kwake ku mankhwala opopera. Mlimi akagula botolo lomwe adagula chaka chatha n'kuona kuti tizilombo sitikufa, amatukwana wogulitsa. Nthawi zina wogulitsayo amakhala wolakwadi. Koma n'kuthekanso kuti mdani wasintha, dzina lokha ndi limene latsala.

Pano ndiyenera kusamala, kuti ndisaoneke ngati mwana amene wakhuta n'kuyamba kunyoza mphika. Fizi yanga ya kusekondale idachokera m'mabelo. Malata a nyumba yathu, njinga, ngakhale nsapato zimene ndidabwera nazo pakoleji pano, zonsezo ndi fodya. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo kholo limene lili ndi ana asanu ofuna chakudya silingasiye ndalama yooneka chifukwa cha bowa amene dzina lake silidalembedwe. Sindikuweruza bambo anga kapena matenanti amene amagona m'misasa ya udzu m'maesiteti. Ndikungofunsa kuti: nanga fodyayo akadzatha mphamvu tidzatsala ndi chiyani? Mayiko ambiri akulimbana ndi kusuta, ndipo mu 2023 Malawi naye adalowa m'pangano la World Health Organization lochepetsa fodya. Tsiku limene ogula adzachepe m'mizere ya ku Chinkhoma tidzatembenuka kuyang'ana kutchire kuti tione chimene lingatipatse. Mantha anga ndi akuti tidzapeza ziputu.

Asing'anga a kwathu amanena kuti khungwa la mtengo womera pachulu silifanana mphamvu ndi la mtengo womwewo womera m'mbali mwa dambo, ndiponso kuti muzu wokumbidwa m'chilimwe si wofanana ndi wa m'dzinja. Ophunzira timakonda kuseka zoterezi. Koma kodi si zomwezo zimene akatswiri adapeza m'ndere za ku Batan, kuti mankhwala amasintha ndi malo, nyengo ndi mtundu wobisika? Kodi si zomwezo zimene wogula fodya amalipirira madola? Sindikunena kuti m'mendulo iliyonse muli mankhwala a khansa. Ndikunena kuti a ku Philippines aja adali ndi mwayi umodzi umene ife tikuutaya: atazindikira kuti dzina lawasokoneza adatha kubwerera kunyanja, ndipo ndere zidali zikadalipo kuti aziyezenso. Phulusa la m'ng'anjo ya balani silingayezedwe DNA.

Tsono ndibwere kwa ife amene timakumana madzulo kuwerengerana ndakatulo ndi nkhani. Ifenso ndife anthu a mayina, ndiyo ntchito yathu. Koma tawerengani zimene timalemba. Mnyamata ndi mtsikana amakumana pansi pa "mtengo". Wothawa nkhondo amabisala "m'tchire". M'mawa kumalira "mbalame". Mtengo wanji? Mbalame yanji? Timadziwa mayina a maluwa a ku England amene sitidawaonepo, chifukwa tidawaloweza pokonzekera mayeso, koma mtengo umene udatipatsa mthunzi pobadwa timangouti mtengo. Pamenepa wolemba sasiyana ndi woyeza mendulo. Ndipo chinthu chimene chilibe dzina m'nkhani zathu chikadzasowa, palibe amene adzachilire maliro, chifukwa palibe amene adzadziwe kuti chidalipo.

Tchuthi chikubwera. Ambiri a ife tibwerera kumidzi kumene kukadali agogo amene amasiyanitsa bowa ndi mphuno, ndi madala amene amadziwa mtengo wopangira mpini ndi wopangira mtondo wosinjira. Anthu amenewa sakhala nafe nthawi yaitali. Titenge kope ndi pensulo, tikhale nawo pansi, tifunse dzina, mwezi, malo, ndi mtengo umene chinthucho chimamera pafupi nawo. Amene akuphunzira sayansi atole masamba, awaumitse pakati pa nyuzipepala, alembe kumene awatenga, apite nawo ku National Herbarium ku Zomba kumene zomera za dziko lino zimasungidwa. Amene tikuphunzira zinenero tilembe mayinawo monga momwe eni ake amawatchulira, ndipo tikapeza kuti mudzi uwu ukunena dzina lina pamene mudzi uwo ukunena lina, tisathamangire kunena kuti wina walakwa. Mwina onse akulondola, ndipo zinthuzo n'ziwiri. Ntchitoyi ndi yochedwa ndipo ilibe okushoni, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Bambo anga adaphunzitsa zala zawo kusiyanitsa masamba a phesi limodzi chifukwa moyo wathu udadalira pamenepo. Luso lomwelo likufunika kutchire, nkhwangwa isadafike.